Akuti poti tilibe gombe, tisalembe za nyanja

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera pa tsamba lanu za zimene zamuchitikira mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anaphunzira utolankhani ndipo amalembera manyuzipepala osiyanasiyana muno mu Harare popanda malipiro a pamwezi. Mwezi watha bungwe lina, limene sindilitchula dzina chifukwa mwanayu adzafunanso kugogoda pakhomo lomwelo, linalengeza kuti lili ndi ndalama zothandizira atolankhani a chigawo chino cha kum'mwera kwa Africa amene akufuna kufufuza za kuwonongeka kwa nyanja zamchere. Mwanayu anatha masabata awiri akukonza pempho lake, ndalama ya ndiwo inathera ku bandulo ya intaneti, ndipo anayenda maulendo atatu kukapempha kalata kwa mkonzi wina yotsimikiza kuti nkhaniyo idzasindikizidwa. Yankho linabwera la mizere iwiri, kumuuza kuti pempho lake silinawerengedwe n'komwe chifukwa iye amakhala m'dziko lopanda gombe la nyanja yamchere. Ine monga malume ake ndinawerenga yankholo katatu, ndikuyesa kuti mwina maso ayamba kundinamiza.

Ndikufuna amene analemba mizere iwiri imeneyi andiuze ngati namondwe wa Idai anaima pachipata cha Forbes ku Mutare n'kudinditsa pasipoti asanalowe m'dziko muno mu Marichi 2019. Namondwe ameneyu anabadwira pa nyanja yamchere, anaphwasula mzinda wa Beira, kenako anakwera mapiri n'kukakwirira anthu ku Chimanimani ndi ku Chipinge, moti matupi ena anakokoloka ndi madzi mpaka ku Mozambique. Kwathu ku Malawi nako sikunapulumuke. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo mu Marichi 2023 Freddy anagumula phiri la Soche n'kutsanulira matope pa nyumba za ku Chilobwe, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo. Akatswiri a zanyengo akhala akunena kuti madzi a panyanja akamatentha, anamondwe amapeza mphamvu ndipo amagwetsa mvula yochuluka. Ndiye kuti maliro a nyanja tikuloledwa kulira, koma kufufuza chimene chatipha ndi ntchito ya anzathu amene amadzuka n'kuona mafunde pawindo.

Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti nkhani imene mwanayu ankafuna kulemba inali ya nyanja yamchere kuyambira kumutu mpaka kumchira. Iye ankafuna kutsatira madzi oipa ndi mabotolo a pulasitiki amene timataya mu mtsinje wa Mukuvisi muno mu mzinda, amene amakalowa mu Manyame ndi mu damu la Chivero. Owerenga anu sanaiwale kuti mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a mu Chivero, nsomba zosawerengeka n'kuyandama zakufa, zonsezi chifukwa cha ndere zaululu zimene zimakula madzi akadzaza zonyansa za m'zimbudzi. Manyame yemweyo amapitirira ulendo wake kudutsa ku Chinhoyi, kukathira mu Zambezi ku Cahora Bassa, ndipo Zambezi atalandira Shire wochokera ku nyanja ya Malawi amakathera mu Indian Ocean kufupi ndi Chinde, kumene asodzi amadalira nsomba zoswanirana m'mizu ya mitengo ya mangrove. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwana wa sitandade 5 atapatsidwa mapu akhoza kulondola njira imeneyi ndi chala, koma munthu amene wapatsidwa udindo wogawa ndalama za nkhani za nyanja walephera kuiona, kapena sanafune kuvutika n'kutsegula mapu.

Ndipo ngati mapu ndi ovuta, akanangolowa mu butchala iliyonse ku Mbare kapena ku Highfield n'kufunsa kumene kumachokera karapau wa m'mafiriji amene mabanja osauka amadyera nsima nyama ikakwera mtengo. Nsomba imeneyi yambiri imachokera ku nyanja ya Namibia, ndipo ndi nsomba yomweyi imene inali pakati pa nkhani ya katangale ya Fishrot, imene atolankhani anaulula mu 2019 mpaka nduna ziwiri za dzikolo zinatula pansi maudindo. Mafuta a galimoto amene timayendera amatsikira pa doko la Beira n'kubwera pa paipi kudzera ku Feruka, ndipo a ku Malawi ambiri amadzera ku Beira komweko, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Tikudya za m'nyanja, tikuyendera za panyanja, tikutayira zinyalala zathu m'nyanja, koma pa fomu ya bungwe lija ndife alendo.

Ngakhale malamulo a dziko lonse sagwirizana ndi maganizo opapatiza otere. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982 lili ndi gawo lathunthu lonena za ufulu wa mayiko opanda gombe wofika kunyanja, ndipo limati chuma cha pansi pa nyanja, kunja kwa malire a mayiko, ndi cholowa cha anthu onse. Malawi ndi Zimbabwe onse ali m'panganoli. Mu 2023 mayiko anagwirizananso za pangano loteteza zamoyo za m'nyanja zakuya zimene si za dziko lililonse, ndipo Malawi analivomereza mu 2025. Kodi boma likavomereza pangano lotere m'dzina lathu, adzatifotokozere tanthauzo lake ndi ndani ngati mtolankhani wathu akubwezedwa pakhomo? Kapena tidikire kuti mlendo atsike ndege, agone mu hotela masiku atatu, atijambule titanyamula ndowa pamutu, kenako akalandire mphotho kwawo?

Pano ndiseke pang'ono ngakhale mtima ukuwawa. Ife ana a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu takhala tikutchedwa Manyasarande kuyambira kalekale, ndipo chilankhulo chathu ena amachitcha Chinyanja, kutanthauza chilankhulo cha anthu a kunyanja. Zaka zonsezi dzina la nyanja latitsatira ngati chitonzo, koma lero pamene dzinalo likanatibweretsera kandalama, tauzidwa kuti nyanja yathu ilibe mchere wokwanira.

Sindikunena kuti mabungwe onse ndi otero, ndipo sindikuloza chala amene ndiwatchule apa. Pulitzer Center ya ku America inakhazikitsa ndondomeko ya Ocean Reporting Network mu 2023, ndipo Earth Journalism Network, ya pansi pa Internews, yakhala ikupereka ndalama za nkhani zachilengedwe kwa zaka zambiri. Mwayi ulipo ndithu, koma umafika kwa ana athu mochedwa, tsiku lotsekera litayandikira, kudzera pa WhatsApp ya mnzawo amene anamva kwa mnzake. Apa ndiye mlandu ukugweranso inu akonzi. Masamba anu adzaza ndale ndi mpira, ndipo mtolankhani akati akufuna kupita ku Beira, makilomita osakwana 600 kuchokera muno, mumamuyang'ana ngati wapempha ndalama yopitira kumwezi. Kalata ya mkonzi imene mabungwe ambiri amafuna imasanduka chinthu chogwadira, chifukwa mkonzi safuna kulonjeza tsamba kwa munthu amene samulipira. Onjezani apo kuti zonse zimafunidwa m'Chingerezi, ngakhale malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amavomereza zilankhulo 16, Chichewa chili momwemo, ndipo mayi amene amagulitsa nsomba pamsika ndi amene akanapindula kumva nkhani zimenezi m'chilankhulo chake. Atolankhani athu asanduka opemphapempha a maphunziro a m'mahotela, kumene amapita kukasaina alawansi ndi kudya nkhuku, n'kubwerako opanda nkhani ngakhale imodzi yoti munthu n'kuwerenga.

Pempho langa n'lachidule. Bungwe lija lichotse mzere wa gombe pa fomu yake ndipo liziweruza pempho poona nkhani, kapena ngati likuumirira, lilembe poyera pachiyambi kuti a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Botswana asavutike, ana athu asamathe bandulo pachabe. Mabungwe oimira atolankhani muno ndi ku Malawi alembe kalata yofunsa za nkhaniyi, ndipo inu akonzi patulani kangodya ka tsamba kamodzi pamwezi kolengezera mwayi wa ndalama zoterezi nthawi ikadalipo. Mwana wa mlongo wanga ndamulonjeza ndalama ya basi yofikira ku Mutare, ndipo ya kuchokera pamenepo mpaka ku Beira tikusonkha pachibale.

Ndine wowerenga wanu wokhumudwa,
Malume wa ku Mufakose, Harare