Mtengo wa khobidi la 1909-S VDB ndi wa kutchuka kwake, osati kusowa kwake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya makobidi akale a ku America, imene yayambanso kumveka kwambiri kuchokera pamene dziko limenelo linasiya kusula khobidi la senti imodzi chakumapeto kwa chaka cha 2025. Khobidi limene lili m'kamwa mwa aliyense ndi lija osonkhanitsa ndalama zachitsulo amalitcha 1909-S VDB, nalonso la senti imodzi, ndipo ogulitsa ena akulitama ngati kuti amene angaligule lero wapeza chuma chosatha. Ine ndasonkhanitsa makobidi kwa zaka zambiri ndipo khobidi limeneli ndimalikonda ndi mtima wonse, koma ndikuona kuti gawo lalikulu la ndalama zimene anthu akulipira ndi la mbiri yake yokoma, pamene khobidilo silosowa monga momwe akunenera.

Mbiri yakeyo ndi yokomadi. Mu 1909 panali patatha zaka 100 chibadwire Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa dzikolo, ndipo pulezidenti Theodore Roosevelt, amene ankafunitsitsa kuti ndalama za dziko lake zikongole, anasangalala ndi ntchito ya mmisiri wina wobadwira ku Lithuania dzina lake Victor David Brenner. Mmisiriyu anajambula nkhope ya Lincoln mbali imodzi, ngala ziwiri za tirigu mbali inayo, ndipo m'munsi mwa ngalazo anaikamo zilembo zoyamba za maina ake, V.D.B. Khobidili linatuluka pa 2 Ogasiti 1909, anthu anaima pa mizere italiitali kuti alipeze, koma nyuzipepala zina zinadandaula kuti zilembozo zikuoneka kwambiri ngati kuti mmisiriyo akudzitsatsa pa ndalama ya boma. Pasanathe sabata, nduna ya zachuma Franklin MacVeagh inalamula kuti ntchito iime ndipo zilembozo zichotsedwe. Panthawiyi n'kuti fakitale yosula ndalama ya ku Philadelphia itasula kale makobidi pafupifupi 28 miliyoni okhala ndi zilembozo, pamene ya ku San Francisco, imene chizindikiro chake ndi kachilembo ka S pansi pa chaka, inali itasula 484,000 okha. Zilembo za Brenner zinadzabwereranso mu 1918, zili zazing'ono kwambiri, paphewa pa Lincoln.

Nambala imeneyi ya 484,000 ndi imene ogulitsa amaitchula mobwerezabwereza, ndipo poiyerekeza ndi mamiliyoni a ku Philadelphia imaonekadi yochepa. Koma chimene chimasowetsa khobidi ndi kuchepa kwa amene anapulumuka, osati kuchepa kwa amene anasulidwa. Popeza phokoso la zilembo zija linamveka khobidilo likadali latsopano, anthu anadziwiratu kuti lidzafunidwa, choncho ambiri analisunga m'madirowa ndi m'maenvulopu lisanayende n'komwe m'manja mwa anthu. N'chifukwa chake lero munthu amene ali ndi ndalama angathe kugula 1909-S VDB tsiku lililonse limene wafuna, n'kuchita kusankha pakati pa ambiri amene ali pamsika. Chinthu chimene chimapezeka tsiku lililonse tingachitche chodula, koma sitingachitche chosowa. Makobidi osowadi ndi monga la masenti asanu la Liberty la 1913, limene odziwika alipo asanu okha padziko lonse, ndipo pamatha zaka lisanaonekere pa okushoni.

Ngakhale pakati pa masenti a Lincoln omwewo pali chitsanzo chimene chimandiphunzitsa zambiri. Khobidi la 1914-D, la ku Denver, anasula 1,193,000, kuposa kuwirikiza kawiri la 1909-S VDB, koma chifukwa palibe amene analilabadira pamene linkatuluka, pafupifupi onse anapita kukagwira ntchito yawo m'matumba mwa anthu mpaka kuperepeseka. Kupeza 1914-D losayendapo, lowalabe kufiira kwake kwa mkuwa, n'kovuta kuposa kupeza 1909-S VDB lotero, komabe munthu wongoyamba kumene sanalimvepo dzina lake, chifukwa lilibe nthano ya mmisiri wochotsedwa zilembo.

Chinanso chimene chinakweza khobidili ndi makatoni oboolaboola osungiramo makobidi, amene anayamba kugulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1930 ndipo kampani ya Whitman inawafalitsa kwambiri. Katoni iliyonse inali ndi bowo la chaka chilichonse ndi fakitale iliyonse, ndipo mwana ankafufuza m'chenje cha makolo ake n'kumatseka mabowowo limodzi ndi limodzi. Bowo la 1909-S VDB, limene lili pamzere woyamba penipeni, ndi limene linkatsala lili pululu. Ana aja atakula n'kuyamba kulandira malipiro, anabwerera kudzatseka bowo limene linkawasowetsa mtendere ali ana, ndipo sankawerengera mtengo. Chilakolako chimenechi sindikuchinyoza, chifukwa nanenso ndinachimva. Ndikuvomerezanso kuti n'chimene chachititsa kuti khobidi la magalamu 3.11, limene mkuwa wake ndi wa masenti ochepa chabe, lizigulidwa madola mazana angapo ngakhale litaperepeseka, ndi madola masauzande likakhala losayendapo, ndipo mtengowu wakhazikika kwa zaka zambiri. Koma m'badwo umene unakula ndi makatoni aja ukukalamba, makobidi awo akubwerera pamsika kudzera mwa ana awo, ndipo ana a masiku ano sakukula akugwira makobidi. Mtengo umene waima pa zikumbukiro za m'badwo umodzi sungalonjezedwe kwa wogula ngati kuti waima pathanthwe.

Amene akuganiza kuti mtengo wa khobidi lotchuka sungagwe akumbukire zimene zinachitikira dola yasiliva ya Morgan ya 1903-O, ya ku New Orleans. Anthu ankakhulupirira kuti pafupifupi onse anasungunulidwa potsatira lamulo la Pittman la 1918, moti pofika mu 1962 dola imodzi yosayendapo inkawerengedwa pa madola 1,500. Chakumapeto kwa chaka chomwecho boma linatsegula mosungira chuma chake n'kutulutsa matumba amene anakhala otseka kwa zaka zambiri, ndipo munali madola a 1903-O ochuluka zedi. M'kanthawi kochepa mtengo unatsika kufika pa madola pafupifupi 15. Sindikunena kuti kuli matumba a 1909-S VDB obisika penapake, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: aja anagula pa 1,500 nawonso anauzidwa kuti agula chinthu chosowa.

Kutchuka kuli ndi vuto lina limene linandigwera ine mwini. Zaka zingapo zapitazo ndinagula khobidi limeneli kwa wogulitsa wina pa intaneti, pa mtengo umene unkaoneka wabwino, ndipo litafika ndinaliika pansi pa nyale n'kuliyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Chaka chinali bwinobwino, zilembo za V.D.B. zinali pamalo pake, koma nditalipendeketsa ndinaona kamzere kakuda kozungulira kachilembo ka S, ndipo mtundu wa chitsulo cha kachilemboko unkasiyana pang'ono ndi wa khobidi lonse. Munthu wina anatenga khobidi lenileni la ku Philadelphia, limene ndi lotchipa chifukwa alipo mamiliyoni, n'kumatapo S wochotsedwa pa khobidi lina. Akatswiri amadziwa kuti pa khobidi lenileni S amakhala pa amodzi mwa malo anayi okha, malinga ndi zidindo zinayi zimene zinagwiritsidwa ntchito ku San Francisco, ndipo wanga sanali pa aliwonse mwa malo amenewo. Ndalama zanga sizinabwerere, ndipo khobidilo ndikulisungabe kuti ndizionetsa anzanga ongoyamba kumene.

Chifukwa cha chinyengo chotere, ogula ambiri tsopano amafuna khobidi lotsimikizidwa ndi makampani oyeza makobidi monga PCGS, imene inayamba mu 1986, kapena NGC ya mu 1987, amene amalitsekera m'kapulasitiki n'kulipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 70. Zimenezi zathandiza kuthana ndi makobidi abodza, koma zabweretsanso kukokomeza kwa mtundu wina, chifukwa kusiyana kwa nambala imodzi yokha kumtunda kwa sikelo, kapena kungolembedwa kuti khobidi ndi lofiira osati loderapo, kumatha kuwirikiza mtengo ngakhale diso la munthu wamba silikuona kusiyana kulikonse. Mitengo yodabwitsa imene imalengezedwa ikatha okushoni imakhala ya makobidi ochepa a pamwamba penipeni amenewa, koma amene akugulitsa khobidi loperepeseka amaitchula ngati kuti ikukhudzanso lake.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mukamalemba za khobidi limene lagulidwa pa mtengo waukulu, muzitiuzanso kuti anasula angati, nambala imene linapatsidwa poyezedwa, ndiponso ndalama zimene wogulitsa makobidi angapereke ngati munthu atapita nalo kukaligulitsa mawa lake, pakuti mtengo wogulira ndi wogulitsira zimatalikirana kwambiri. Ine bowo langa la 1909-S VDB likadali pululu, ndipo ndidzalitseka ndi khobidi loperepeseka koma lotsimikizidwa, pa ndalama zimene sindiyembekezera kuti zidzabwerera.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu