Lipoti la msonkhano wa mawayilesi a kanema ang'onoang'ono

Apampando, mlembi, msungichuma, abale ndi alongo nonse a m'gulu lathu la Amalawi okhala kuno ku America,

Munandituma ku msonkhano wa eni mawayilesi a kanema a mphamvu yochepa, aja amati LPTV, kuti ndikamve ngati gulu lathu lingakhale ndi kanema wakewake wa Chichewa. Yankho ndabwera nalo, ngakhale ena silikusangalatsani. Malisiti a mafuta ndi a malo ogona ali kale kwa msungichuma pamodzi ndi chenji cha alawansi. Amene munalemba pa WhatsApp kuti ndapita kokayenda, kaoneni envulopuyo.

M'mawa wa tsiku loyamba adakamba za inshuwalansi ya nsanja ndi za makina owerengera otsatsa malonda. Ndingoti zinakambidwa.

Nkhani inayamba kukoma masana. Mawayilesi amenewa adawaloleza ndi a FCC, bungwe la boma la America loyang'anira za mawayilesi, m'chaka cha 1982. Kale konseko timakina ting'onoting'ono tinalipo, koma ntchito yake inali kungolandira chithunzi cha wayilesi yaikulu n'kuchiponya kuseri kwa mapiri. Kuyambira 1982 anthu akumidzi yakutali ndi magulu a zilankhulo zina m'mizinda adapatsidwa mpata wouluta zawozawo. Mphamvu ndiye adawamana: masiku ano malire ake ndi makilowati 15 pa matchanelo a manambala apamwamba, aja amati UHF, ndi 3 pa a manambala am'munsi, aja amati VHF, pamene wayilesi yaikulu pa UHF imatha kufika 1,000.

Mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yathu. Chiphaso cha LPTV n'chapambuyo. Wayilesi yaikulu ikafuna tchanelo chanu, kapena ikadandaula kuti mukuisokoneza, wochoka ndinu. Kuli ngati kulima munda wobwereka: mungathiremo manyowa zaka khumi, mwini wake akaufuna mumatuluka ndi khasu lanu lokha. Zinaoneka pamene boma lidagulitsa mafunde ena kwa makampani a mafoni mu 2016 ndi 2017. Matchanelo 38 mpaka 51 adachoka m'manja mwa a kanema, mawayilesi aakulu adasamutsidwira m'munsi, ang'onoang'ono ambiri n'kuyamba kusakasaka pokhala. Pa 13 July 2021 adawatsekeranso makina akale a analogi, zaka 12 chisinthireni anzawo aakulu aja mu 2009. Ndiponso makampani a kebulo sakakamizidwa kunyamula ambiri mwa mawayilesi amenewa, choncho woonera ayenera kukhala ndi eriyo.

Chimene sindidzaiwala ndi ulendo wokaona wayilesi ina yapafupi ndi malo a msonkhanowo. Zipinda ziwiri basi, kuseri kwa sitolo. Eni ake ndi mayi achikulire amene amagwira okha kamera, mdzukulu wawo ali pa kompyuta. Adasamutsidwapo tchanelo nthawi ya malonda a mafunde ija, oonera ena n'kuyesa kuti wayilesi yafa, mpaka mayiwo adachita kuyenda m'matchalitchi kuuza anthu kuti asakenso matchanelo pa TV zawo. Ndinapempha ndandanda ya mapologalamu awo. Muli misonkhano ya khonsolo ya tauniyo, yonse osadula; mpira wa ana a sekondale Lachisanu usiku; mapemphero a mipingo Lamulungu; zanyengo; ndi zolengeza za maliro. Usiku amangoika mafilimu akalekale ndi a zamalonda amene amalipira nthawi. Adandiuza kuti ikasowa filimu palibe amaimba foni, koma akachedwa ndi zolengeza za maliro kapena mpira wa ana, foni siikhala pansi. Ndinakhala m'chipinda chimenecho mpaka basi ya anzanga inayamba kuimba huta.

Pali kanthu kena kamene kadandiseketsa. Nthawi ya analogi, mawu a tchanelo 6 ankatuluka pa 87.75, pafupi penipeni ndi poyambira FM, ndiye ankamveka pa wayilesi ya m'galimoto. Eni ena adangosandutsa makanema awo kukhala mawayilesi a mawu, chithunzi n'kumangoika chilichonse. FCC mu 2023 idalola ochepa kuti apitirize. Anthu osauka nzeru sizitisowa.

Tsiku lomaliza kunali mkangano wa Class A, gulu la mawayilesi ang'onoang'ono otetezedwa amene sangathamangitsidwe chisawawa. Khomo lolowera m'gululi lidatseguka kwa kanthawi ndi lamulo la 1999, ndipo olowa ayenera kuulutsa maola 18 pa tsiku komanso maola atatu pa sabata a mapologalamu opangidwa m'dera lomwelo. Lamulo lina limene Joe Biden adasaina mu January 2023 lidatsegulanso khomolo, koma kwa okhawo a m'madera a mabanja oonera TV osapitirira 95,000. Eni a m'mizinda ikuluikulu adakwiya nazo, ndipo msonkhano udagwirizana zolemba kalata yodandaula. Ine ndinali mlendo, sindinavote. Koma ndikadavota ndikadakhala nawo, chifukwa magulu ngati lathuli amakhala m'mizinda, osati kumapiri.

Tsono maganizo anga ndi awa: za kugula wayilesi yathuyathu tiiwale. Chiphaso, nsanja, magetsi, injiniya, zonsezo pa malo oti mawa angatichotse, ife amene zopereka za pamwezi zimatitengera kukumbutsana katatu? Njira ilipo ina. Chisinthireni kupita ku digito, tchanelo chimodzi chimagawika pangapo, ndipo eni ake amabwereketsa timagawo timeneti kapena kugulitsa nthawi kwa mipingo ndi magulu a zilankhulo zina. Ife tigule ola limodzi pa sabata.

Ndikudziwa kale zimene achimwene ena anene: anthu athu ali balalabalala m'zigawo zambiri, kanema wotereyu safika patali, ndipo ana athu amaonera pa foni. Zoona. Koma pologalamu yomweyo tidzaiikanso pa YouTube ndi pa Facebook. Chimene ola lolipira lingatipatse ndi chikakamizo. Pa Facebook mukapanda kuika kanthu palibe amafunsa, n'chifukwa chake tsamba lathu lili zii. Ola loti mwalipira silidikira kuti komiti igwirizane.

Apa ndiye ndinene zimene zakhala zikundiwawa. Kamera tinagula ndi ndalama za gulu. Ili kunyumba kwa munthu mmodzi, ndipo wofuna kuigwiritsa ntchito amachita kupempha ngati ndi yamwini. Chikondwerero cha pa 6 July chidajambulidwa, mpaka lero palibe waonapo. Mwambo wa maliro a mnzathu uja udajambulidwanso, abale ake kumudzi akufunsabe, ndipo amafunsa ine chifukwa ndine ndinawalonjeza m'dzina la gulu. Nkhaniyi ndinaibweretsa pa msonkhano wapitawo, apampando munati si ya pa ajenda. Mayi aja ndi mdzukulu wawo amadzaza sabata yonse anthu awiri. Ife makumimakumi tikulephera kumaliza mavidiyo awiri.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Loweruka tisankhe anthu atatu oti akonze mapologalamu anayi oyeserera, a theka la ola iliyonse, tisanalembere mwini wayilesi aliyense. Mlembi, ikani zimenezi pa ajenda polemba, osati pa zina ndi zina. Ndipo kamera ibwere Loweruka lomwelo, ndi mabatire ake onse.