Kalata yochokera ku Tokyo, mwezi wa mwera

Tokyo, 14 July

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndailandira Lachiwiri, ndipo ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kuti ntchito ija yatheka, ndinkadziwa ine kuti akutenga. Za chinkhoswe cha mng'ono wako tidzakamba pafoni, papepala sizingakwane. Kuno ndilipo, mayeso ndinakhoza, koma chinyezi chanditopetsa. Mvula ya kuno ya June ndi July siigwa n'kukata ngati yathu, imangowaza tsiku lonse, zovala kuyanika masiku atatu osauma, nsapato zanga zakutchalitchi zachita nkhungu. Ufa unandipatsira uja watsala wa nsima ziwiri basi.

Tsono tamva. Amake mapasa akunyamuka Loweruka ndipo ndiwapatsira kakatundu kako. Si nsalu ayi, usayambe kufunafuna telala. Ndi chithunzi, ndachiika pakati pa makatoni awiri. Ndikukudziwa iwe, ukatsegula udzati, "Japan yonse ija n'kunditumizira pepala?" Ndiye ndifotokozeretu.

Unachionapo ndithu, chili pamalaya, pamakapu, paliponse: chifunde chachikulu chopindika, thovu lake ngati zikhadabo, kaphiri kali patali. Anajambula ndi Katsushika Hokusai cha m'ma 1831, ali ndi zaka pafupifupi 70, ndipo ndi chimodzi mwa zithunzi zake za phiri la Fuji. Zinayenera kukhala 36, koma anthu atazikonda anawonjezera zina 10. Kuyambira July 2024 fundeli lili kumbuyo kwa ndalama yapepala ya 1,000 yen, moti ndimaligwira tsiku ndi tsiku pogula mkaka.

Mwezi watha aphunzitsi athu anatitengera kumalo kumene mpaka lero amasema ndi kudinda zithunzizi mwa kale. Hokusai sanapente yekha funde lija. Iye ankajambula ndi inki papepala lopyapyala. Wosema ankamata pepalalo chafufumimba pathabwa la mtengo wa cherry n'kuyamba kusema, kusiya mizere yokha itatukuka, moti chojambula cha mwini wakecho chinkathera pampeni pomwepo. Mtundu uliwonse ankausemera pakepake. Kenako wodinda, kenako mwini bizinesi wolipira onsewa n'kumagulitsa. Wa zithunzi za Fuji anali Nishimuraya Yohachi. Pachithunzi cha funde pali dzina la Hokusai, koma la wosema ndi la wodinda palibe, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Wodinda amene tinamuona ndi bambo wachikulire, atakhala pansi, thabwa lili patsogolo pake. Amadontheza utoto, n'kuwonjezera kadontho ka phala la mpunga, n'kusakaniza ndi burashi pathabwa pomwepo. Pepala lake ndi la makungwa a mtengo wonga mabulosi, ndipo amalinyowetseratu pang'ono. Amalipana ndi zala n'kulowetsa ngodya yake m'kamphako kosemedwa pakona pa thabwa, kotchedwa kento. Kamphako kameneko ndi kamene kamachititsa kuti mitundu isaphonyane, ngakhale pepala libwerere kangati. Makina palibe. Amatikita kumsana kwa pepala ndi baren, kanthu kobulungira ngati nkhata yaing'ono, kokutidwa ndi khoko la nsungwi, ndipo kamalira ngati tsache pabwalo m'mamawa. Atasenda pepala koyamba panali mizere yokha. Anabwereza, anabwereza, madzi n'kumabwera pang'onopang'ono ife tikuona. Buluu wakeyo pa nthawi ya Hokusai anali wachilendo, wochokera ku Ulaya, ankamutcha bero-ai potengera dzina la Berlin, ndipo sankasuluka msanga ngati buluu wa maluwa amene ankagwiritsa ntchito kale.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Bamboyo atandipatsa pepalalo kuti ndigwire, ndinaona koyamba kuti m'madzimo muli anthu. Mabwato atatu, mnzanga. Zaka zonsezi ndinkangoona funde. Ndi mabwato othamangitsira nsomba zaziwisi kumsika wa ku Edo, lomwe ndi dzina lakale la Tokyo. Lililonse lili ndi opalasa 8, onse awerama, akakamira nkhafi zawo, mitu ngati timadontho. Palibe ndi mmodzi yemwe wadzutsa mutu kuti aone chimene chikubwera. Ndipo poti Ajapani kalembedwe kawo kakale kamayambira kumanja, diso lawo limayenda limodzi ndi mabwatowo kukakumana ndi funde maso ndi maso.

Anzanga anali kalikiliki kufunsa za mizere ndi mitundu. Ine ndinali pagombe la Senga Bay chaka chija, mwera utawomba masiku atatu, amayi atakhala pamchenga atafunda chitenje kumutu, iwe ndi ine tikuwerenga mabwato obwera. Ukukumbuka mmene malume ankanenera, kuti funde suliyang'ana, umayang'ana nkhafi yako? Munthu anajambula uja ankawadziwa anthu a pamadzi. Ndinatuluka panja, ndinakaima pakhonde mpaka mtima unakhala pansi.

Ndiye iwe n'kundilembera mzere umodzi wokha, kumapeto kwenikweni, kuti mlongo wako wagula injini yangongole ndipo akupita ku usipa usiku uliwonse. Mwezi uno? Mwera sunathe, ukudziwa bwino. Umuuze kuti ndati azimvera chenjezo la azanyengo pawailesi, akanena kuti kunyanja kwaipa akhale kumtunda azisoka ukonde. Ngongole adzabweza mu October. Umuuze ndi mawu anga, usachepetse.

Tsopano za kasamalidwe, ndipo apa utchere khutu. Usachipinde. Usachikhomere ndi msomali. Usachimate ndi phala ngati kalendala ya azakhali ako a ku Salima ija, mphemvu zingadye Fuji yense usiku umodzi. Usachiike khoma loyang'anana ndi zenera chifukwa dzuwa lathu silikhululuka, komanso osati khoma la kukhitchini kuli utsi, komanso osati lija limanyowa mu January. Ndawerenga makoma a nyumba yako m'mutu mwanga, latsala limodzi lokha, la pamwamba pa kabati, ndiye satifiketi ya alamu isamuke. Ndipo chonde, chonde, usapite nacho kwa anyamata a fotokope kuti akachikute ndi pulasitiki yotentha ija. Ndikudziwa waganiza kale zimenezo. Upite kwa kalipentala wa kuseri kwa msika akakupangire felemu yagalasi, ndalama yake ndidzatumiza. Ana azionera pagalasi, manja awo a mandasi aja ndimawadziwa. Usiku wathawu tulo sindinatione, kuganiza za chikwama cha amake mapasa: akasintha ndege ku Addis Ababa, chikwama chikaponyedwa, botolo la mafuta odzola likatseguka? Ndadzuka 2 koloko kukakulunganso m'majumbo awiri. Mawa ndikawapempha kuti achigwire pamanja ulendo wonse. Ukapita kukawachingamira utenge envelopu yaikulu, usachilowetse m'kachikwama kako ka foni kaja.

Usaope, si chakale. N'chodindidwa chaka chino pamatabwa osemedwa mwatsopano. Pa nthawi ya Hokusai chimodzi chinkagulidwa pamtengo wonga wa mbale ziwiri za soba, chakudya cha anthu wamba, ndipo anadinda masauzande. Mu March 2023 chimodzi chakale chinagulitsidwa ku New York pa madola 2.76 miliyoni. Zimenezi usawauze alamu, angachitenge kukachita chikole kubanki nkhonde.

Ukachipachika uyang'ane bwino pansi pa fundelo. Kaphiri kachipale chofewa kali pamenepo, kakang'ono moti ungakayese funde lina, ndi Fuji, mamita 3,776, kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002. Linaphulika komaliza mu 1707. Ine ndinaliona bwino mu January ndili m'sitima, loyera mbee, koma chiyambire mvulayi labisala m'mitambo, ndipo ndimalisowa ngati mmene ndimasowera Mulanje.

Pali china chimene ndikusungira ndalama, cha Utagawa Hiroshige, mwa zithunzi zake za msewu wa Tokaido za mu 1833 ndi 1834. Ndi cha pamalo otchedwa Shono, mvula yawapeza anthu pachitunda, ena akuthamangira kumtunda ena kumunsi, nsungwi zawerama ndi mphepo, ndendende ife tikuthawa mvula pochokera kusukulu, iwe utafunda tsamba la nthochi. Ndimafuna ndikufunsenso za amayi, ngati mwendo uja, koma pepala landithera ndipo amake mapasa akufuna zonse zikhale zitamangidwa.

Ndine wako yemwe uja.