Tidziwe mbiri ya uchigawenga wa ku Israel ndi Palestine tisanatumizeko ana athu ena

Akonzi,

Chiyambire Novembala 2023, pamene achinyamata athu 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ya kumeneko yatifika pakhomo. M'maminibasi a ku Limbe, pa Wenela, m'matchalitchi ndi m'mizikiti anthu akutsutsana kwambiri, koma ambiri amayambira nkhaniyi pa 7 Okutobala 2023, tsiku limene gulu la Hamas linaukira Israel, ngati kuti dzulo lake kunali bata. Tipatseniko malo tifotokoze. Maganizo athu ndi awa: kupha dala anthu wamba pofuna kuopseza mtundu wonse ndi uchigawenga, kaya wakuphayo ndi wa mbali iti. Ndipo njira zambiri zolimbana nawo zimene zayesedwa kumeneko zinatseka khomo limodzi, chiwawa n'kutulukira khomo lina.

Magazi anayamba kukhetsedwa dziko la Israel lisanakhazikitsidwe, nthawi ya ulamuliro wa Angerezi. Mu 1929 Ayuda 67 anaphedwa ndi Aarabu ku Hebron. Pa 22 Julaye 1946 gulu la Ayuda la Irgun, lotsogozedwa ndi Menachem Begin, linabisa mabomba m'zigubu za mkaka pansi pa King David Hotel ku Jerusalem, momwe munali maofesi a atsamunda, ndipo anthu 91 anafa. Mu Epulo 1948 Irgun ndi gulu lina la Ayuda la Lehi anapha anthu oposa 100 m'mudzi wa Deir Yassin, mbiri yake n'kuthawitsa midzi yambiri. Pankhondo ya chaka chimenecho Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa kwawo. Begin anadzakhala nduna yaikulu mu 1977, monganso mtsogoleri wa Apalestina Yasser Arafat, amene Israel inkamutcha chigawenga, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1994.

Chimene ife Amalawi tiyenera kuchizindikira msanga ndi malamulo amene Angerezi anasiya. Mu 1945 anakhazikitsa malamulo a nthawi ya ziwawa olola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo ndime 119 imalola kugumula nyumba ya woganiziridwa. Israel ikugwiritsabe ntchito ndime imeneyi. Kutsekera kopanda mlandu kumachitika motere: mkulu wa asilikali amasayina chikalata cha miyezi yosapitirira 6, woweruza amaona umboni umene womangidwayo ndi loya wake saloledwa kuuona, ndipo nthawi ikatha chikalatacho chikhoza kuwonjezeredwa mobwerezabwereza. Agogo athu anaziona zoterezi pa 3 Malichi 1959, pamene boma la Nyasaland linatola anthu m'bandakucha, Dr. Kamuzu Banda n'kukatsekeredwa ku Gweru. Sipanathe zaka zisanu ndi chimodzi, Angerezi anali atatsitsa mbendera yawo.

Nkhondo ya 1967 itatha, magulu a Apalestina anatengera nkhondoyi kunja. Mu Julaye 1968 gulu la PFLP linalanda ndege ya El Al, kampani ya ndege ya ku Israel, n'kuitera ku Algiers. Mu Seputembala 1972 gulu la Black September linachititsa imfa ya Aisraeli 11 pa masewera a Olympic ku Munich. Mu 1974 ana asukulu oposa 20 anaphedwa ku Ma'alot. Apa pali njira imodzi imene inagwiradi ntchito: kufunsa wokwera ndege aliyense mafunso asanakwere, kusecha katundu yense, kuika alonda amfuti osavala yunifolomu m'ndege, ndi kukhoma chitseko cha oyendetsa. Chichokere 1968 palibe ndege ya El Al imene inalandidwanso. Ndege imene inalandidwa n'kukatera ku Entebbe mu 1976, kwa Idi Amin, inali ya Air France, ndipo olanda anakwerera ku Athens kumene chitetezo chinali chofooka. Njira ina, yosakasaka okonza chiwembu cha Munich ndi kuwapha mmodzimmodzi, inaonetsa kuopsa kwake mu Julaye 1973 ku Lillehammer m'dziko la Norway: akazitape a Israel a Mossad anawombera Ahmed Bouchiki, woperekera zakudya wa ku Morocco, pomuyesa Ali Hassan Salameh, mmodzi wa akuluakulu a Black September.

Mu 1982 Israel inalowa m'Lebanon kukachotsa PLO, bungwe la Apalestina lotsogozedwa ndi Arafat. PLO inachokadi kupita ku Tunis, koma m'malo mwake munamera gulu lankhondo la Hezbollah.

Zaka za m'ma 1990 ndiye tiyenera kuzipenda mofatsa. Hamas, gulu lachisilamu la Apalestina, inabadwa mu Disembala 1987. Mu Disembala 1992 Israel inathamangitsira amuna 415 a Hamas ndi Islamic Jihad kumapiri a kumwera kwa Lebanon. Cholinga chinali kuwamwaza. Chimene chinachitika n'chakuti anakhala pamodzi m'matenti pafupifupi chaka, atolankhani a dziko lonse akuwajambula, Hezbollah ili pafupi, ndipo kenako anabwerera kwawo odziwika kuposa kale. Mgwirizano wamtendere wa Oslo, wa pakati pa Israel ndi PLO, utasayinidwa mu Seputembala 1993, otsutsa a mbali zonse ziwiri anaugwira pakhosi. Pa 25 Febuluwale 1994 Baruch Goldstein anawombera Asilamu 29 akupemphera mu mzikiti ku Hebron. Mu Epulo chaka chomwecho Hamas inaphulitsa mabomba a odzipha nawo pa mabasi ku Afula ndi ku Hadera. Pa 4 Novembala 1995 nduna yaikulu Yitzhak Rabin anaphedwa ndi Myuda mnzake, Yigal Amir. Mu Januwale 1996 Israel inapha wopanga mabomba wa Hamas, Yahya Ayyash, ndi bomba lobisika m'foni yam'manja. Pobwezera, mabomba anayi a mu Febuluwale ndi Malichi anapha Aisraeli pafupifupi 60, ndipo mu Meyi Shimon Peres, amene ankapititsa Oslo patsogolo, anagonja pachisankho. Amene anapha Ayyash anachotsa munthu woopsa, palibe angatsutse, koma mtengo wake unali umenewo.

Pa kuukira kwachiwiri kwa Apalestina, kuyambira 2000 mpaka 2005, kunafa Aisraeli pafupifupi 1,000 ndi Apalestina oposa 3,000. Bomba la pa Park Hotel ku Netanya, pa phwando la Pasika mu Malichi 2002, linapha anthu 30, ndipo asilikali analowanso m'mizinda ya West Bank. Mu Julaye chaka chomwecho ndege inaponya bomba lolemera tani imodzi pa nyumba ya Salah Shehadeh, mkulu wankhondo wa Hamas, ku Gaza. Iye anafa pamodzi ndi anthu ena 14, ambiri mwa iwo ana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa ku Gaza ndi malo a makilomita 41 m'litali mokhala anthu oposa 2 miliyoni. Amene amabisala pakati pa ana ali ndi mlandu, amene amaponya bomba akudziwa kuti anawo alipo alinso ndi mlandu. Za kugumula nyumba, komiti ya asilikali a Israel eniake inapeza mu 2005 kuti sikuletsa zigawenga, ndipo anakusiya, koma anadzayambiranso mu 2014. Mpanda wa West Bank, womangidwa kuyambira 2002, unathandiza kuchepetsa mabomba a odzipha nawo pamodzi ndi ntchito ya akazitape, koma mbali yaikulu ya njira yake inadutsa mkati mwa malo a Apalestina, kulekanitsa alimi ndi minda yawo, ndipo khoti la dziko lonse ku The Hague linanena mu 2004 kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo.

Mabasi atatetezedwa, chiwawa chinasamukira ku mizinga ya roketi ndi ngalande zapansi pa nthaka. Israel inayankha ndi Iron Dome, chida chowombera maroketi ali m'mwamba, mu 2011 komanso mpanda wa makilomita 65 kuzungulira Gaza, wokhala ndi chipupa cholowa pansi, womalizidwa mu 2021. Ndi mtunda ngati wochoka muno mu Blantyre kukafika ku Zomba. Pa 7 Okutobala 2023 Hamas inawononga nsanja za makamera ndi timadroni totchipa, inaboola mpandawo ndi mabomba ndi mathirakitala, inapha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira 251. Atsikana asilikali oyang'ana makamera anali atachenjeza akuluakulu awo, osamvedwa. Wokonza chiwembucho, Yahya Sinwar, anali mmodzi mwa akaidi 1,027 amene anamasulidwa mu 2011 posinthana ndi msilikali mmodzi, Gilad Shalit. Nkhondo yobwezera inapha Apalestina oposa 60,000 pofika pakati pa 2025, malinga ndi unduna wa zaumoyo wa ku Gaza. Mwa ophedwa pa 7 Okutobala munali ophunzira zaulimi awiri a ku Tanzania ndi antchito ambiri a m'minda ochokera ku Thailand.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ana athu. Iron Dome imagwira ntchito chonchi: rada imaona roketi, kompyuta imawerengera pamene ikagwere, ndipo imangowombera imene ikulunjika pokhala anthu. Imene ikukagwera patchire kapena m'munda imaisiya, chifukwa mzinga uliwonse woiwombera ndi wodula. Mwana wathu wothyola mapeyala ali m'munda momwemo. Mabomba oponyedwa pafupi ndi malire nawonso amafika msanga moti n'kovuta kuwatchinga. Belu lochenjeza likalira ku Tel Aviv munthu amakhala ndi masekondi 90 othawira pobisala, koma ku Sderot ndi midzi yoyandikana ndi Gaza ndi masekondi 15 okha. Mu Meyi 2021 antchito awiri a ku Thailand anafera pa famu ku Ohad, ndipo mu Okutobala 2024 anayi ena anafera m'munda ku Metula, kumalire ndi Lebanon.

Tsono tikupempha Unduna wa Zantchito ndi ofesi ya kazembe wathu ku Tel Aviv kuti mgwirizano uliwonse wa ntchito uzinena dzina la famu, mtunda wake kuchoka kumalire a Gaza kapena Lebanon, masekondi a chenjezo pamalopo, ndi mtunda wochoka pogwirira ntchito ndi pogona kukafika pobisala pa konkire. Makolo aziona pepala limeneli mwana asanasayine, ndipo lilembedwenso m'Chichewa.

Owerenga anu,
Blantyre