Wophunzira ali pantchito apatsidwe tsiku lake komanso womuphunzitsa kulemba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene imamveka kawirikawiri kumudziko, yoti ana athu amatuluka ku yunivesite ndi pepala koma ntchito saidziwa, pomwe odziwa ntchito pepala alibe. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala ku England zaka zoposa 15. Zambiri mwa zaka zimenezi ndathera kusambitsa odwala okalamba, kuwasintha matewera ndi kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Digiri ya unamwino ndaipeza ndili ndi zaka 44, osasiya ntchito, kudzera m'njira imene kuno amaitcha degree apprenticeship.

Njirayi inayamba mu 2015. Umakhala wolembedwa ntchito, malipiro ukulandira mwezi ndi mwezi, fizi sulipira, koma digiri yake ndi yomweyo imene amalandira ana ochokera ku sekondale. Ndalama zake zimachokera ku msonkho umene unakhazikitsidwa mu Epulo 2017. Kampani kapena bungwe limene malipiro a antchito ake onse amaposa mapaundi 3 miliyoni pachaka limadulidwa 0.5 peresenti, ndipo ndalamazo zimabwerera kudzaphunzitsira antchito.

Nditawauza amayi anga pafoni kuti ndayamba sukulu ndili pantchito, anangoti, "Mwanawe, mapanga awiri avumbwitsa." Chaka choyamba ndinavumbwadi. Ndinkaopa masamu a mankhwala ndi mayina a mafupa, koma zimenezo ndinaloweza popanda vuto, poti kuloweza tinakula nako. Chimene chinandigwetsa pansi ndi kulemba.

Asayimenti yoyamba inali ya mawu 2,000, yofotokoza za wodwala mmodzi amene ndinamusamalirapo. Ndinasankha agogo ena amene usiku wina ndinawaona kuti zinthu zasintha anzanga onse asanazindikire. Ndinalemba ndi mtima wanga wonse, mmene ndinawapezera, mmene ndinawakhazikira tsonga, mmene ndinathamangira kukaitana sisitala wamkulu. Malikisi anabwera 36, pomwe kukhoza kumayambira pa 40. M'mphepete mwa pepala aphunzitsi analemba kuti ndanena zimene zinachitika koma sindinanene chifukwa chake. Tsiku limenelo ndinalira m'basi njira yonse mpaka kunyumba. Zaka zonse zija ndili pa wodi, usiku ndi usana, ndiye pepala linene kuti sindidziwa kanthu?

Amene anandidzutsa ndi mayi wina wa ku laibulale ya yunivesite. Sanali namwino ayi. Ntchito yake inali kuphunzitsa anthu kawerengedwe ndi kalembedwe basi. Anayala pepala langa patebulo, pensulo ili m'manja, nayamba kundifunsa funso limodzi lomwelo pa chiganizo chilichonse. Ndinalemba kuti agogowo ankaoneka kuti sali bwino. "Munadziwa bwanji?" Ndinati ankapuma mofulumira. "Kangati pa mphindi imodzi?" Ndinati ka 26. "Nanga munthu wamkulu amene ali bwinobwino amapuma kangati?" Ndinati pakati pa 12 ndi 20. "Akutero ndani? Zalembedwa pati?" Apo ndinakhala duu. Pa wodi timadzaza tchati chotchedwa NEWS2, chimene chimapereka mapointi pa kapumidwe, okosijeni wa m'magazi, BP, kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi ndi ngati wodwala ali maso kapena wasokonezeka. Munthu akamapuma ka 25 kapena kuposa pamenepo, kapumidwe kokhako kamatenga mapointi 3, ndipo pamafunika kuti aonedwe msanga. Tchati chimenechi ndinali nditachidzaza kosawerengeka, koma sindinadzifunsepo kuti anachipanga ndani. Ndi mayiyo amene anandituma kukafufuza mpaka ndinapeza kuti ndi a Royal College of Physicians, bungwe la madokotala la kuno, ndipo ndinawerenga zifukwa zimene anaikira malire pamene anawaikapo. Nzeru ndinali nazo kale, kungoti zinali m'maso ndi m'manja. Panalibe amene anandionetsapo njira yozitsitsira papepala.

Anandiphunzitsanso zina zing'onozing'ono zimene palibe amakuuza. Kuti lipoti la kafukufuku suliwerenga ngati nthano kuyambira tsamba loyamba, umayamba waona chidule chake, kenako n'kufunsa kuti anafufuza anthu angati komanso kuti. Kuti ukatenga ganizo la munthu wina umalinena m'mawu ako n'kutchula mwiniwake. Ichi chinandivuta kwambiri, chifukwa m'kalasi mwathu muja wobwereza mawu a m'buku ndendende ndiye ankaomberedwa m'manja. Kuno zimenezo amazitenga ngati kuba, ndipo asayimenti iliyonse imayamba yadutsa pa Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza mawu okopera, aphunzitsi asanaione.

Ena angaganize kuti zolembazi ndi zokondweretsa aphunzitsi chabe. Ine phindu lake ndinaliona pa wodi, 3 koloko ya usiku. Kale ndikaimbira dokotala ndinkangoti, "Bwerani, wodwala wa pa bedi 4 sakuoneka bwino." Dokotala amene ali yekha pa mawodi angapo akamva choncho amakuika pamzere. Lero ndimatchula wodwalayo, chimene anabwerera, manambala ake a ola lapitalo ndi a tsopano, chimene ndikuganiza kuti chikuchitika, ndi chimene ndikupempha. Kuno kayankhulidwe kameneka amakatcha SBAR. Sipatha mphindi imodzi, ndipo dokotala amabwera akuthamanga. Ndi funso lija la mayi wa ku laibulale, kungoti tsopano ndimadzifunsa ndekha ndisananyamule foni.

Koma zonsezi zikanafera m'mazira pakanapanda nthawi. Lamulo la maphunzirowa linkati 20 peresenti ya nthawi yako ya ntchito ikhale yophunzira, ndipo mu Ogasiti 2022 analisintha kuti akhale maola osachepera 6 pa sabata. Kwa ife anamwino zimaposa pamenepo, chifukwa bungwe loyang'anira anamwino la NMC limafuna maola 2,300 a m'kalasi ndi ena 2,300 a kuchipatala munthu asanalembedwe m'kaundula. Tsiku langa la sukulu linali Lachinayi. Komabe abwana a pa wodi ankaimba m'mamawa kuti tachepa, bwerani mudzathandize. Ndinapita katatu. Tinaleredwa kuti wamkulu akakuitana sukana, komanso ndinkaganizira anzanga amene atsala awiri ndi odwala wodi yonse. Chimene chinandipulumutsa ndi msonkhano wa anthu atatu umene unkachitika masabata 12 alionse, ine, abwanawo ndi aphunzitsi a ku yunivesite, tonse tebulo limodzi. Aphunzitsiwo anatsegula buku limene ndinkalembamo maola anga ophunzira n'kuloza masiku atatu opanda kanthu. Sanakalipe, anangofunsa kuti maola amenewa abwezedwa liti. Abwana anasaina, ndipo kuyambira pamenepo Lachinayi foni yanga sinalirenso. Ndekha sindikanatha kukana. Pangano lolembedwa ndi limene linandikanira.

Chimene ndalembera kalatayi, a Mkonzi, ndi mwana wa achimwene anga amene ali ku Blantyre. Anaphunzira zamagetsi, ndipo ntchito yake anthu amaiyamikira. Pano walembetsa maphunziro a kumapeto kwa sabata ku yunivesite ina, fizi akudzilipirira yekha. Amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi zina Loweruka m'mawa, kenako amathamangira minibasi kukalowa m'kalasi fumbi la simenti lili m'mutu. Abwana ake ndi aphunzitsi ake sadziwana n'komwe. Asayimenti zake zikubwera ndi malikisi ngati anga aja, ndipo wayamba kunena kuti mwina sukulu si yake. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa inenso ndinawanenapo m'basi muja.

Chikhalirecho maziko kwathu alipo kale. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro kuti uthandize maphunziro a ntchito zamanja. M'makoleji a ntchito zamanja a ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia achinyamata akhala akuphunzira m'kalasi n'kumapitanso ku atachimenti kwa zaka zambiri. Anamwino ochokera m'makoleji a mishoni a CHAM nawonso amafunitsitsa kukweza maphunziro awo afike pa digiri. Ndikupempha akuluakulu a TEVETA ndi a mayunivesite a MUBAS, KUHeS, MUST ndi Mzuni kuti akhale pansi ndi olemba ntchito, aone mmene mmisiri kapena namwino angakwerere mpaka pa digiri dzina lake lili pa ntchito, tsiku lake la sukulu litalembedwa ndi kusainidwa ndi mbali zonse zitatu. Ndipo yunivesite iliyonse imene ikulandira fizi kwa anthu apantchito ilembe munthu ngati mayi uja, wopezekanso madzulo ndi Loweruka, amene angakhale pansi ndi bambo wa zaka 35 amene anasiya kulemba chimangirizo ali Fomu 4, osamuchititsa manyazi.

Podikira zimenezo, Lamulungu lililonse madzulo ine ndi mwanayu timakumana pa WhatsApp. Sabata yatha ananditumizira lipoti la mmene analumikizira magetsi pa chigayo china. Penapake analemba kuti anaika waya wokhuthala bwino. Ndinamufunsa kuti, "Unadziwa bwanji kuti ndi wokwanira?" Anaseka n'kunena kuti, "Azakhali, zimenezo ndimangoona." Ndinamuuza kuti andilembere mphamvu ya mota ya chigayocho, kutalika kwa waya kuchokera pa mita, ndi buku limene likunena kukhuthala koyenera. Lachiwiri usiku ndikutuluka ku shifiti ndinapeza watumiza masamba awiri, masamu ake onse ali pamenepo.

Namwino wa ku Ntcheu,
England