Osaka luso asamangoyang'ana makina oyezera liwiro

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndinenepo za masewero a baseball, amene ambiri mwa owerenga anu amangowaonera pa kanema. Ine ndimakhala ku America, ndipo mwana wanga wachisamba, wazaka 17, ndi woponya mpira m'timu ya kusekondale kwawo. Zimene ndinaona mwezi wathawu zikundisowetsa tulo.

Ndinamuperekeza kubwalo kumene anyamata amakaonetsa luso lawo pamaso pa anthu osaka osewera, otumidwa ndi makoleji komanso matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno ku America. Anthuwa ali ndi muyeso wawo. Luso lililonse amalipatsa malikisi kuyambira 20 mpaka 80, ndipo 50 ndiye wosewera wapakatikati wa mu ligi yaikulu. Womenya mpira amamuona kamenyedwe, mphamvu, kawakhidwe, mkono ndi liwiro. Amamuthamangitsa mayadi 60, akapyola masekondi 7 mumangoona nkhope zikugwa. Pamenepo ndilibe nawo mlandu.

Pamene pandiwawa ndi pa oponya. Aliyense wa akuluakuluwo anali atagwira makina oyezera liwiro la mpira, maso ali pa manambala, osati pa mwana. Mnyamata wina anaponya mamailosi 92 pa ola, onse n'kukhamukira kwa iye, chonsecho mipira yake yambiri inkapita kutchire moti wowakha ankachita kuidumphira. Wanga anafika 84, mpira uliwonse ukugwera pomwe wowakha watchera dzanja, koma palibe amene analemba kanthu m'kabuku. Tili m'galimoto pobwerera anati, "Adadi, kuyambira mawa ndiziponya ndi mphamvu zanga zonse." Ndinangoti kukamwa yasa.

Mkati mwa chigongono muli kamtsempha kamene kamalandira mphamvu yonse ya woponya. Kakaduka, pamafunika opaleshoni imene Dr. Frank Jobe anayamba kumuchita woponya mpira wina dzina lake Tommy John mu 1974, ndipo kuchira kwake kumatenga chaka kapena kuposerapo. Tommy John anali bambo wamkulu, katswiri kale. Lero opaleshoniyi akuichitanso kwa ana a sekondale. Woponya wina, Brady Aiken, anasankhidwa ndi timu ya Houston Astros kukhala woyamba mwa onse pa chisankho cha osewera atsopano a MLB mu 2014 atangomaliza sekondale, koma mgwirizano unalephereka chifukwa timuyo inakayikira chigongono chake, ndipo chaka chotsatira anamuchita opaleshoni. Sanafikeko mu ligi yaikulu.

Komatu malangizo alipo. MLB ndi bungwe loyang'anira masewerowa la USA Baseball analemba ndondomeko ya Pitch Smart, yonena kuti wazaka 17 kapena 18 asaponye mipira yoposa 105 pa tsiku, ndipo akapyola 80 apume masiku 4. Nanga mwana angamvere bwanji zimenezi akuona kuti amene akutamandidwa ndi wong'amba mkono?

Woponya Greg Maddux anatengedwa ndi timu ya Chicago Cubs mu 1984 kuchokera kusekondale ina ku Las Vegas. Sanatchuke ndi liwiro ayi, ankangoika mpira pamene wafuna ndi kuwerenga maganizo a womenya, mpaka anapambana masewero 355. Luso lotereli makina saliona. Umaliona ukakhala pansi n'kuonera masewero onse: kodi mnyamata akamenyedwa mpira wotuluka m'bwalo amataya mtima kapena amapuma kaye n'kuyambanso? Akatopa, kaponyedwe kake kamasintha? Mnzake akagwetsa mpira wosavuta amamuyang'ana ndi diso lanji? Ndiponso wazaka 17 thupi lake likukulabe, liwiro likhoza kubwera m'tsogolo.

Ndikupempha osaka luso aziika makinawo m'chikwama kwa kanthawi n'kufunsanso kuti mwanayo waponya mipira ingati sabata imeneyo. Wanga anaponya 88 Lachisanu, mphunzitsi wake n'kumufunanso Lamulungu. Ndinamuimbira foni mphunzitsiyo n'kumuuza mwaulemu kuti mwanayu abwera ndithu, koma adzakhala pa benchi mpaka Lachitatu.

Ndine wowerenga wanu,
Bambo wa woponya mpira