Chilengezo kwa Asing'anga a M'dera la Kamwendo, Mchinji

Asing'anga anzanga,

Loweruka likubwerali, nthawi ya 9 koloko m'mawa, tidzakumana kubwalo la mfumu pa Kamwendo ndi ofufuza omwe akufuna kuyeza zitsamba zomwe timagwiritsa ntchito pa matenda a maso. Iwo adzafotokozanso chifukwa chake madzi a masamba odonthezera m'maso amatha kuyambitsa zilonda mpaka kuchititsa khungu, komanso chifukwa chake ng'ala imachira ndi opaleshoni yokha, nkhani yomwe ena mwa ife timaitsutsabe.

Aliyense abweretse masamba, makungwa kapena mizu youma, mtundu uliwonse m'pepala lakelake lolembedwa dzina la mtengowo ndi malo omwe unapezeka, komanso K2,000 ya chakudya chamasana. Palibe yemwe adzakakamizidwe kuulula kasakanizidwe ka mankhwala ake.

Chonde mudziwitse mlembi wathu pofika Lachinayi madzulo ngati mudzabwera.

Wapampando